Gawo Langa Linali Chigayo cha Ababa

Kompyuta ya ababa inalibe woifuna. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa abale anga masiku ano amayankhula ngati anabadwa akuikonda. Chinali chibokosi chotuwa, chofiirira m'makona chifukwa cha fumbi la fodya, ndipo chinkakhala patebulo m'chipinda chawo, pakomboni ya famu imene tinakulira, kufupi ndi Banket. Anachipempha ku ofesi ya famu pamene ankafuna kuchitaya. Ukachiyatsa unkatha kupita kumpopi, kuima pamzere, kukangana ndi munthu, kubwerera ndi ndowa yako, n'kupeza chikadali kuganiza. M'kati mwake munkamveka kukukuta kosalekeza, ndiye ababa anachitcha chigayo.

"Chisiye chigaye," ankatero ndikayamba kuchitukwana. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ine kudekha sindinabadwe nako, ndipo maso a nkhono ndilibe nawo ntchito. Koma ndine ndinkakhala nawo ababa. Amayi anatisiya kalekale. Achimwene anga, mwana woyamba, amagwira ntchito kumgodi ku Arcturus, ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha, atanyamula botolo limodzi la mafuta ophikira ngati abweretsa ng'ombe. Choncho chigayo chikakana kudzuka, woitanidwa ndinali ine.

Ababa anali mlembi wa mpingo wathu, ndipo atapuma ukapitawo wa m'shedi yosankhiramo fodya anadzipatsa ntchito imene palibe anawatuma. Ife apakomboni ndife zidzukulu za anthu amene anabwera wapansi kuchokera ku Malawi, ena ku Tete. Munthu akamwalira, pamaliro pamawerengedwa mbiri yake, ndipo mbiri yabwino imatchula mudzi umene makolo ake anachokera, mfumu yake ndi boma lake. Koma akuluakulu ankatha mmodzimmodzi, ndipo ana awo ukawafunsa ankangoti, "Kwathu n'ku Malawi," ngati Malawi ndi mudzi wa nyumba zinayi. Ababa zimenezi zinkawapweteka. Anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba, kufunsa, kujambula zitupa zakale za agogo ndi foni, kujambula mawu a okalamba akutchula mitsinje ndi mapiri a kwawo. Akabwera, ine ndinkazilowetsa m'chigayo, iwo n'kumalemba ndi chala chimodzi, magalasi ali kunsonga ya mphuno.

Komboni yathu ili ndi malaini asanu a nyumba, ndiye nawonso anakonza mafoda asanu, laini yoyamba mpaka yachisanu. Ife tinkakhala laini yachisanu, kumapeto, moyang'anana ndi mabalani a fodya. Zathu analemba pomaliza, akuti mwininyumba sayamba kusamba m'manja alendo akuyang'ana. Tsiku limene anamaliza anandiitana. "Zathu ndalemba. Mudzi wa agogo ako, mfumu yake, njira yake, zonse. Ndikadzapita, dzina limenelo lidzakhale pamwala wanga. Khala pansi uwerenge." Ndinayankha kuti ndidzawerenga chigayo chikadzasiya kuchedwa. Ndinkadziwa kuti kwathu n'ku Dedza, ndipo ndinkaona ngati n'zokwanira. Dzina la mudziwo ndinalimvapo kangapo ndili mwana, koma mutu wanga sunalisunge.

Ine ndimagwira ntchito pashopu ina ku Banket, yochita fotokope ndi kutaipira anthu makalata. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kumva matenda a kompyuta ndi khutu. Chigayo chitayamba kulira kuti tha, tha, tha, ndinauza mwini shopu, ndipo iye anati hadi yatopa. Hadi ndi chitsulo chimene chimasunga zonse. M'kati mwake muli timbale tozungulira ndi kasingano kowerenga, ndipo kasinganoko kakayamba kugogoda ndiye kuti imfa ili pakhomo. Anati mankhwala ake n'kugula SSD, kanthu kopyapyala kopanda chozungulira m'kati, kusamutsira zonse m'menemo, n'kuchotsa chitsulo chakalecho. Ndinawafotokozera ababa. Iwo anati, "Chita, bola usanditayire anthu anga."

SSD ija inafika kuchokera ku Harare patatha masiku anayi titawaika m'manda. Chifuwa chinawatenga msanga, sabata imodzi yokha.

Apa ndi pamene akulowa atete. Ndi mlongo wawo wa ababa, wamng'ono, ndipo kwathu kwenikweni tikanati azakhali, koma anakwatiwa ku Mhangura kwa Mshona ndipo amafuna kutchedwa atete. Pamatenda sanabwere. Pamaliro anabwera ndi chikwama chachikulu chakuda, analira kuposa tonse, ndipo atapukuta misozi anatenga ulamuliro wa nyumba. Anamanga zovala za ababa m'bulangete, n'kulengeza kuti palibe wokhudza chilichonse cha malemu mpaka tsiku la kugova nhumbi, tsiku limene katundu amawazidwa madzi a mankhwala n'kugawidwa kwa abale. Mwambo umenewu tinaupeza kuno ndipo sindiutsutsa. Chimene ndimadana nacho n'chakuti atete amasankha miyambo ngati tomato pamsika: wa Chishona ukawakomera atola, wa Chichewa ukawakomera atola, wa kutchalitchi nawo atola. Tsikulo linaikidwa patsogolo mwezi wathunthu, kudikira kuti achimwene apatsidwenso tchuthi.

Za kompyuta panalibe mkangano. Achimwene asananyamuke ndinawafunsa pamaso pa atete, ndipo anaseka. "Chimenecho n'chako, sisi. Ine ndikwere kombi ndi marara, zinyalala za kudzala?" Atete nawo anati chikungodya malo. Ndiye mumtima mwanga chinali changa kale, chongodikira anali madzi owaza aja.

Ndikanadikira. Ndikudziwa, musandiuze. Koma chigayo chinali chitakana kudzuka kawiri ababa ali moyo, chingwe cholumikizira ndi sikuludiraiva ndinali nditabwereka kwa mwini shopu amene ankazifuna Lolemba, ndipo m'makutu mwanga munali mawu aja akuti usanditayire anthu anga. Komanso, ndinene zoona, manja anga ankafuna chochita. Sabata yonse ndinkachapa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala, kenako mwadzidzidzi panalibe woti ndimutembenuze.

Lamlungu m'mawa ndinati mutu ukundiwawa. Atete anandiyang'ana kuyambira kumapazi, anavala duku lawo, n'kupita kutchalitchi ndi anthu onse. Ndinalowa m'chipinda cha ababa ndikunyang'ama ngati mbava m'nyumba imene ndasesa zaka zonsezi. Nditamasula chivundikiro ndinapeza fumbi la fodya lodzaza dzanja, mphemvu zouma, ndi kanyumba kadothi ka mavu pakona. Fumbilo linanunkha ngati jekete ya ababa, ndipo ndinayetsemula mpaka misozi, ina ya fumbi ina ayi.

Ndinalumikiza SSD ndi chingwe, n'kuyatsa. Chigayo chinakukuta, chinagogoda katatu, kenako chinavomera. Ndinatsegula pulogalamu yosamutsira imene mwini shopu anandionetsa, ndipo pasikirini panabwera kamzere kobiriwira koyenera kuyenda kuchokera kumanzere kukafika kumanja. Kanayenda ngati nkhalamba yokwera chulu. Tchalitchi chathu ndi shedi yakale kuseri kwa laini yoyamba, ndipo zonse zimamveka mpaka kwathu. Ndinkadziwa ndondomeko yake pamtima, ndiye ndinkayeza kamzere kaja ndi mapemphero. Pa nyimbo yoyamba kanali kasanachoke pakona. Pa zolengeza kanafika pakati, n'kuima. Chinagogoda, chinagogodanso, ndipo ine ndinachiuza mawu amene sanenedwa Lamlungu. Kenako kanayambanso kuyenda. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula kuti mlaliki wathu sadziwa kumaliza, koma tsiku limenelo ndinamupempherera kuti awonjezere mfundo yachinayi ndi yachisanu.

Kanafika kumapeto kwaya ikuimba nyimbo yotulukira. Ndinathimitsa, ndinamasula chitsulo chakale n'kuchiika pabedi la ababa, ndinalowetsa SSD pamalo pake. Inali yaing'ono kwambiri moti sinagwire masikuluwu, ndiye ndinangoimata ndi tepi. Ndinadina batani, n'kutembenuka kuti ndikoke mpando. Ndisanakhale pansi, chithunzi cha ababa atavala suti yawo ya mpingo chinali chitaonekera kale, mafoda asanu aja ali pamzere pansi pake. Phokoso panalibe. Ndinakwiya, osati kusangalala. Munthu anadikira chinthu chimenechi zaka zonsezo, ine ndikuzengereza, ndipo chabwera kudzathamanga iye kulibe.

Ndinaika mausi pa laini yachisanu. Ndinali ndisanadine pamene nsalu ya pakhomo inakankhidwa.

"Maiwe zvangu! Iwe mwana iwe, uri kuitei?"

"Ndikukonza, atete."

"Mutu uja ndi umenewu? Munthu dothi lake silinaume, iwe wayamba kale kutumbula katundu wake ngati nkhuku?"

Atete sadziwa kukalipa popanda omvera. Anatulukira pakhonde, anakuwa, ndipo amayi ochokera kutchalitchi anadzaza pakhomo ndi pawindo, mabuku a nyimbo ali m'khwapa. Atete anatola chitsulo chija pabedi, anachiyeza m'dzanja, kenako anasuzumira m'bokosi n'kukhudza SSD ndi chala. Muyenera kumvetsa kuti anthu a pafamu ya fodya amakhulupirira sikelo kuposa lumbiro, ndipo atete, amene akalambira pafupi ndi mgodi wa kopa wotsekedwa, amadziwa bwino kuti chitsulo cholemera chili ndi ogula.

"Onai vanhu!" anatero, chitsulo chili m'mwamba. "Wachotsa cholemera, waikamo kabisiketi, wamata ndi tepi. Ndine mwana ine? M'menemu muli kopa, mwinanso golide. Ankafuna akagulitse ku Chinhoyi abale ake asanaone."

Ndinayesa kufotokoza za timbale ndi kasingano. Ndani amamva za kasingano mbava itagwidwa? Amayi amene ndinawataipira makalata a ana awo kwaulere ankandiyang'ana akupukusa mitu. Magazi anandikwera, ndipo ndinachita chopusa chachikulu kuposa zonse zimene ndachita m'moyo wanga. Ndinati, "Imani pomwepo ndikuonetseni ngati ndaba." Ndinathimitsa, n'kuyatsanso pamaso pawo. Onsewo ankachidziwa chigayo, ambiri anagonapo tulo pabenchi kudikira kuti ababa awaonetse chitupa cha agogo awo. Mayi wina anali asanamalize kuvula nsapato pakhomo pamene nkhope ya ababa inaonekera. Anthu anati, "Hii!" Wina anati yakhala ngati ya kubanki. Wina anatulutsa foni n'kujambula.

Ndinayang'ana atete ndikumwetulira, ndikuona ngati ndawagonjetsa. Iwo sanali kuyang'ana ine, ankayang'ana kompyuta.

Anatulutsa loko m'chikwama chawo chija, chimene sichisowa kanthu, anandikankhira panja, n'kukhoma chipinda. Chitsulo chakale anachiponya m'chikwama momwemo, akuti ndi umboni. Masabata atatu chinayenda nawo kulikonse, pamodzi ndi makiyi, kabotolo ka fodya wa pamphuno ndi buku la nyimbo. Chinapita ku Mhangura kawiri pa kombi, mumsewu wa maenje uja, chikwama chili pansi pa mpando. Tsiku lina nditaona akuchigwetsa pasimenti ndinawapempha.

"Atete, chonde, chimenecho chisagwedezeke. Chikudwala."

"Mwamva?" anauza mayi amene ankasenda naye nyemba. "Chikanakhala chachabe akanachidandaula?"

Tsiku logawa linafika, m'mawa wa Loweruka. Anayala mphasa pabwalo, anatulutsa katundu, anawaza madzi aja ndi masamba. Jekete inapita kwa msuweni wina, njinga kwa wina, wailesi kwa amuna awo a atete, amene sanayankhulepo ndi ababa mawu opitirira moni. Ine ndinkadikira changa. Kenako anatulutsa kompyuta, ndipo achimwene, amene kanema wa pafoni uja anali atawapeza kale ku Arcturus, anatsokomola.

"Atete, ana anga ali kusekondare. Vanoda kompyuta, akuifuna ya homuweki."

"Achimwene," ndinatero, "si inu munati ndi marara?"

"Nthawi imeneyo inali marara."

Mawu amenewo ndimawamvabe. Sananame. Chikanakhala chikukukutabe, akanandithandiza kuchinyamula kukaika m'chipinda changa. Ndinachipukuta ndekha, ndinachithamangitsa ndekha, n'kuchionetsa kwa anthu ndekha. Atete anati chinthu chachikulu cha bambo chimapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndiwo mwambo. Tsiku limenelo mwambo wa Chishona ndi umene unali wakupsa pamsika. Ndinati kanthu kali m'katimo ndinagula ndine, ndiye ndikachotse. Atete anati chimene chalowa m'katundu wa malemu ndi cha malemu, ndipo ndani anandituma kuchilowetsa?

Kenako anapisa dzanja m'chikwama, anatulutsa chitsulo chija, anachiwaza madzi, madzi enieni, n'kuchiika pamphasa patsogolo panga.

"Iwe unasankha kale gawo lako. Tora."

Anthu anaseka. Ena anaphimba pakamwa, koma anaseka. Ndinali ndi fulashi m'thumba, ndiye ndinapempha mphindi khumi zokha kuti ndikope mafoda aja, poti si anga, ndi a komboni yonse. Atete anati chogawidwa sichibwereranso m'nyumba ya malemu, ndipo magetsi ali m'nyumba. Achimwene anati zimenezo n'zosavuta, ndibwere ku Arcturus ndidzakope, koma ndiyambe ndagwada kupepesa kwa atete pamaso pa anthu chifukwa chonyoza maliro.

Apa munthu wanzeru akanagwada. Maondo sakutha chifukwa chogwada kamodzi. Ine ndinaimirira.

"Ndipepese kwa ndani? Kwa anthu amene sanachape ngakhale thaulo limodzi la ababa? Inu achimwene, munadziwa kuti ababa akudwala Lachiwiri, munafika Lamlungu kudzadya nyama. Inu atete, mlongo wanu ankakuitanani, munati mulibe ya kombi, koma loko munali naye. Nyamulani, ikakudalitseni."

Ndinatola chitsulo changa n'kulowa m'nyumba. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo wanga unanditsata. Achimwene anachoka osatsazika, bokosi lili paphewa. Ku Arcturus sindinapite mwezi umenewo, ngakhale wotsatira. Ndinkadziuza kuti zonse zili bwinobwino mu SSD, kanthu kosagogoda, kosaopa maenje, ndipo ndidzapita mtima ukazizira. Mtima wanga sumazizira msanga. Inapita miyezi isanu.

Chimene chinandinyamula ndi chiliza. Abale anagwirizana kuti tiike mwala pamanda a ababa, ndipo wosema wa ku Chinhoyi anafuna mawu olemba. Dzina tinali nalo, vesi tinali nalo. Ndinakumbukira zimene ababa anapempha, ndipo ndinakwera makombi atatu kupita ku Arcturus, mawu opepesa nditawakonza.

Kompyuta ndinaipeza pabalaza, ataiphimba ndi kansalu koluka. Alamu anga anandilandira bwino, ananditerekera tiyi. Achimwene anaiyatsa monyadira, ndipo inadzuka msanga monga ndinaiphunzitsira. Chithunzi cha ababa panalibe, panali galimoto yofiira. Mafoda asanu aja panalibe. Panali mafilimu, nyimbo ndi masewera a mpira, ndipo homuweki sindinaione.

"Zija za ababa zili kuti?"

"Aa, takaiformata. Inali full ndi mawu a madhara, mafilimu samalowa. Munthu wa kuntchito anatichotsera zonse."

"Zonse?"

"Ko iwe, si uli ndi chako chija? Atete anati zenizeni zili m'cholemeracho."

Ananena zimenezi akuthira shuga mu tiyi. Sanachite mwankhanza, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri. Anafufuta ntchito ya zaka za bambo ake osatsegula ngakhale foda imodzi, ndipo anagona tulo tabwino. Ndinawauza kuti ababa anabala mwana mmodzi ndi thumba limodzi la manyowa, asankhe okha kuti iwo ndi ati. Tiyi ndinamusiya akutentha.

Mawa lake ndinanyamula chitsulo chija kupita nacho kushopu, nditachikulunga m'thaulo. Mwini shopu atamva kuti chayenda pa kombi m'chikwama, chagwa pasimenti, chawazidwanso madzi, anagwira kumutu. Anati mwina chidzuka kamodzi kokha, ndiye chikadzuka ndisachedwe. Tinachilumikiza. Chinakhala chete, kenako chinayamba kukukuta, ndipo sindinamvepo phokoso lokoma chotero. Chinagogoda, chinagogoda, mpaka mafoda asanu aja anaonekera.

Apa ndi pamene sindingathe kuloza chala atete kapena achimwene. Ndikanatsegula laini yachisanu, kuwerenga mzere umodzi, kuulemba padzanja. Koma ndinachita mantha ndi kugogoda kuja, ndipo manja anga anachita zimene amachita tsiku lililonse pantchito: anasankha zonse pamodzi n'kuyamba kukopa. Kompyuta imayambira pamwamba. Laini yoyamba inadutsa. Yachiwiri inadutsa movutikira. Nditazindikira chimene ndachita ndinafuna kuimitsa kuti ndiyambire kumapeto, koma mwini shopu anandigwira mkono, akuti ukachisokoneza chikuyenda sichibwereranso. Pakati pa laini yachitatu chinati tha, tha, tha, mofulumira, kenako chinalira kamawu kakang'ono, n'kuleka. Tinayesa kasanu. Tinasintha chingwe. Mwini shopu anachitumiza kwa mnzake ku Harare, ndipo chinabwerera ndi uthenga wakuti timbale takalika.

Ndinapulumutsa malaini awiri ndi theka, a anthu ena. Ndinawasindikizira mapepala awo n'kuwagawira khomo ndi khomo, kuphatikizapo amayi amene anaseka pamphasa paja. Anandithokoza, ena analira atamva mawu a amayi awo pafoni yanga. Ine ndinalandira zikomo zawo nkhope ili gwa. A laini yachinayi ndi yachisanu anandifunsa zawo, ndipo ndinawauza kuti akafunse ku Arcturus, kuseri kwa galimoto yofiira. Ndinayenda kwa okalamba amene atsala kufunsa ngati wina akukumbukira mudzi wa agogo anga. Mmodzi anatchula dzina, wina anatchula lina, wachitatu anati ababa ndiwo ankadziwa zimenezo.

Kutatsala sabata kuti mwala usemedwe, atete anabwera. Anakhala pakhonde, chikwama chili pamiyendo, anafunsa za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Sanakweze mawu, ndipo panalibe omvera. Kenako anayang'ana pansi.

"Mwanangu, wosema uja akufunsa. Mudzi uja wa ababa athu, achimwene anga, ababa akowo, analemba kuti chiyani?"

Ndinawayang'ana. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti zikavuta, ndidzagwada kwa iwo n'kufunsa, poti ndi bambo awo amene anachokera kumeneko.

"Inu simukudziwa, atete?"

"Ine ndinabadwira pano. Ababa anamwalira ndili wamng'ono. Achimwene ndiwo ankakhala nawo pansi. Ndimangodziwa kuti Dedza."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chitsulo chija pamwamba pa kabati, n'kuchiika pamiyendo pawo, pamwamba pa chikwama chimene chinachipha.

"Ndi ichi, atete. N'cholemera, munanena nokha. Chifunseni."

Ndinkayembekezera kuti akuwa, ndipo mayankho ndinali nditawanola. Sanakuwe. Anachitembenuza, anapukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, kenako anachikweza n'kuchiika kukhutu. Anamvetsera nthawi yaitali, mayi wa imvi, pakamwa pali yasa. Ndinapita kuseri kwa nyumba chifukwa sindinkafuna kuti aone nkhope yanga, ndiponso sindinkafuna kuwamvera chisoni.

Amati chibale n'fupa, sichiola. Chathu sichinaole, koma chimanunkha. Achimwene ndimawapatsa moni pamaliro pokha. Atete amanditumizira mbatata za ku Mhangura, ndimadya, sindiyankha. Wachitatu amene sindinamukhululukire ndimagona naye ndi kudzuka naye, yemwe anauzidwa kuti khala pansi uwerenge, n'kuyankha kuti chikuchedwa.

Mwala unaikidwa. Pali dzina la ababa, pali vesi, ndipo pansi pake palembedwa kuti wa ku Dedza. Kutsogolo kwa mawu amenewo ndinauza wosema kuti asiye mpata wa zala zinayi, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, chifukwa akuti zikuoneka ngati waiwala kanthu. Ndinamuuza kuti asiye choncho, iye sanaiwale kanthu.